Bolodi la bowo, nsanja ya matabwa ndi bawo: kutsatsa bungwe pa kapinga kuno ku Joni

Pitani pa chochitika chilichonse cha a Malawi kuno ku Joni, kaya ndi chikondwerero cha 6 July, mpira wa Lamulungu kapena tsiku la mabanja la mpingo, mupeza zomwezomwezo: gazebo, tebulo loyalidwa nsalu, mulu wa timapepala totsatsa malonda utapsinjidwa ndi mwala kuopa mphepo, ndi mnyamata atakhala kuseri kwake maso ali pa foni. Anthu amalambalala ngati pakhala amene ali naye ngongole. Wolandira kapepala amakapinda kawiri n'kumadzikupizira nako, ndipo pofika madzulo timapepala tonse tili mbwee pa kapinga.

Masewera olembedwa dzina la bungwe amathetsa vuto limeneli, koma ntchito yake tiyimvetse bwino. Ntchito yake ndi kuimitsa munthu pamalo panu kwa mphindi zitatu kapena zisanu, akuseka, kuti wina wa bungwe apeze polowera n'kuyankhula naye. Logo payokha sinalembetsepo munthu m'bungwe la maliro, ndipo sinatengepo katundu wa munthu kupita naye ku Mangochi. Choncho posankha masewera, popanga, polemba ndi poyala pabwalo, funso ndi limodzi: kodi izi zitipatsa mphindi zimenezo ndi anthu angati?

Yambani ndi masamu a nthawi. Munthu mmodzi akaponya timatumba tinayi pa bolodi la bowo, limene tilifotokoze pansipa, kuphatikizapo kutola, zimatenga mphindi imodzi kapena kupitirira pang'ono. Ndiye kuti pa ola mutha kudutsitsa anthu 40 kapena 50. Koma mukalola anthu anayi kusewera gemu yonse mpaka mapointi 21, bolodi lagwidwa kwa mphindi 15 kapena 20, ndipo pa ola mwakumana ndi anthu 12 kapena 16 okha. Zonsezi n'zabwino, kungoti zimayenera malo osiyana. Pa chikondwerero cha anthu mazanamazana mufuna masewera achangu. Pa pikiniki ya kwaya ya anthu 60 amene akhala tsiku lonse, mpikisano wautali ndiye wokoma.

Bolodi la bowo

Amene ali ndi ndalama ya chinthu chimodzi chokha ayambe ndi ichi. A ku America amachitcha cornhole: bolodi lopendekeka lokhala ndi bowo limodzi, ndipo osewera amaponyamo timatumba. Kathumba kakalowa m'bowo ndi mapointi atatu, kakatsalira pa bolodi ndi pointi imodzi. Malamulo ake mwana wa zaka zisanu amawamva nthawi yomweyo, agogo amatha kuponya atakhala pampando, ndipo mayi wovala chitenje chake cha Mvano safunika kuthamanga kapena kudumpha. Koposa zonse, ndi chinthu chokhala ndi malo aakulu osalala olembapo.

Muyeso wake ndi 122 cm m'litali ndi 61 cm m'lifupi. Bowo ndi la 15 cm kukamwa kwake, ndipo pakati pa bowolo pamakhala 23 cm kuchokera kumtunda kwa bolodi, mofanana mbali zonse ziwiri. Kutsogolo bolodi limakwera 8 mpaka 10 cm kuchoka pansi, kumbuyo 30 cm. Mwayi wathu ndi woti pulayiwudi ya kuno imabwera ya 2440 x 1220 mm, ndiye shiti imodzi ikadulidwa katatu imatulutsa mabolodi anayi. Sowo imadya mamilimita atatu pa mdulidwe uliwonse, choncho lililonse lituluka cha m'ma 607 mm. Palibe amene adzazindikire. Mashopu akuluakulu a zomangira amadula okha mukagula, ndipo mabungwe awiri atha kugawana shiti imodzi.

Tengani pulayi ya 18 mm. Ya 12 mm ndi yopepuka kunyamula koma imanjanja, kathumba kakagwapo kamadumpha n'kugwera pansi, pokhapokha mutaika thabwa lopingasa kunsi kwake. Supawood, thabwa lopangidwa ndi utuchi wopanikizidwa, musayerekeze, ngakhale ndi yosalala bwino komanso yotsika mtengo. Ikakhala pa kapinga wa mame m'mawa umodzi wokha, m'mphepete mwake mumafufuma ngati buledi woviikidwa mu tiyi, ndipo sibwereranso. Felemu ikhale ya matabwa a paini a 38 x 76 mm oimika chambali: awiri a 1220 mm ndi awiri aafupi olowa pakati, amene kalipentala ayeze pa bolodi lenilenilo. Felemu ya 76 mm kuphatikiza pulayi ya 18 mm ikupatsani 94 mm kutsogolo, muyeso wakwana wokha. Masikuluwu akhale pa 20 cm iliyonse, mitu yake yolowa mkati ndi yomatidwa, chifukwa mutu umodzi wotuluka umang'amba timatumba tsiku lonse.

Miyendo ndi imene imavuta akalipentala ambiri. Ikhale yopindika, yomangidwa ndi bawuti ya M10 ya 100 mm, mawashala ndi nati yotsegula ndi dzanja. Kumutu kwa mwendo kukhale kozungulira kuti uzitembenuka mkati mwa felemu. Musaudule poyerekeza. Ikani bolodi pa tebulo, likwezeni kumbuyo ndi chitini cha penti ndi timatabwa mpaka lifike 30 cm, mwendo ulendewere kunja kwa tebulo, kenako lembani mzere motsatira pamwamba pa tebulolo n'kudula pamenepo. Mukatero mwendo umaponda pansi ndi phazi lonse ndipo bolodi siligwedera. Likatha limalemera makilogalamu 12 kapena kuposerapo pang'ono, ndiye boolani chogwirira m'mbali mwa felemu.

Timatumba ndi ntchito ya atelala athu, amene kuno sasowa. Nsalu ikhale kanivasi yolimba, ya mtundu wa matenti kapena maovolosi, imene imapezeka m'mashopu a nsalu a ku Oriental Plaza ku Fordsburg. Dulani zidutswa za 18 x 18 cm, musiye 1.5 cm ya msoko, kathumba katuluke ka 15 x 15 cm. Msoko udutse kawiri ndi ulusi wa nayiloni. Chitenje chokha sichipirira, chimaphulika pa msoko lisanathe tsiku. Ngati mukufuna maonekedwe a kwathu, chitenje chikhale pamwamba, kanivasi mkati. Kathumba kalikonse kalemere magalamu 400 mpaka 450, ndipo tonse tiyezedwe pa sikelo ya kukhitchini kuti tifanane. Masewera amafuna timatumba 8, tinayi mtundu wina tinayi mtundu wina, koma sokani 12. Ana amathawa nato, ndipo kena kamakwera padenga la gazebo ya aneba.

Za mkati mwake, dzina la cornhole likunena chimanga (corn), ndipo chimanga chimaponyeka bwino kwambiri. Vuto lake tonse tikulidziwa kuchokera kunkhokwe. Sungani timatumba ta chimanga m'chipinda miyezi itatu, mudzatsegula chikwama n'kupeza ufa woyera pansi, timabowo ting'onoting'ono pa nsalu, anankafumbwe akuyendayenda, kapena khoswe atalowa ndi pangodya. Tikanyowa chimanga chimafufuma n'kuchita nkhungu. Mankhwala a m'nkhokwe musathiremo, chifukwa ana amagwira timatumbati kenako n'kukadya ndi manja omwewo. Njira yabwino ndi timibulu ta pulasitiki timene amapangira zinthu m'mafakitale: sitifumbwa ndipo kathumba kamachapika. Amene wasankhabe chimanga aziika timatumba mu firiza masiku angapo asanatisunge. Mchenga ayi, umatuluka m'misoko n'kupala zolemba za pa bolodi.

Kulemba dzina

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayika. Kwa opulinta musapite ndi logo imene wina anakutumizirani pa WhatsApp. Chithunzi chotere pa foni chimaoneka bwino, koma chikakulitsidwa kufika 60 cm chimasanduka timabokosi. Funsani amene anajambula logoyo akupatseni fayilo ya vector, imene siwonongeka ikakulitsidwa, ya PDF, AI, EPS kapena SVG. Ngati anasowa, lipirani opulintawo aijambulenso kamodzi, ndipo fayiloyo isungidwe pa imelo ya bungwe, osati m'foni ya mlembi amene chaka chamawa adzakhala atabwerera kumudzi. Pemphaninso apulinte kachidutswa kakang'ono muone mtundu wake padzuwa musanavomere zonse, chifukwa buluu wa pa sikirini ndi buluu wa pa sitika nthawi zambiri sagwirizana.

Sitika ikhale vinyl ya panja yokutidwa ndi laminate yoteteza ku dzuwa, yosanyezimira. Yonyezimira imathobwa m'maso, pa zithunzi imatuluka ngati galasi, ndipo timatumba timatsetsereka. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, dzuwa lake limaotcha ngakhale kukuzizira, ndipo mtundu wofiira ndiwo umayamba kufwifwa. Amene logo yawo ili ndi mitundu ya mbendera yathu asaumire ndalama ya laminate.

Pa thabwa losapaka kanthu sitika sigwira. Palani ndi sandipepa, pakani penti yoyambira, palaninso mopepuka, pukutani fumbi lonse. Matani kuyambira pakati kupita m'mbali, mukukankha mpweya ndi khadi la ku banki lokulungidwa m'kansalu. M'miyezi ya June ndi July matani masana m'nyumba, popeza guluu wa sitika sagwira bwino kukazizira kutsika madigiri 10. Dulani sitika ithere mamilimita atatu musanafike m'mphepete mwa bolodi ndi mwa bowo. Ikafika m'mphepete penipeni, kathumba koyamba kogunda pangodya kamaitukula pang'ono, fumbi limalowa, zala za ana zimamaliza ntchito. Pamwamba pake pakani vanishi wosungunulira ndi madzi, kopyapyala, katatu kapena kanayi, mukupala ndi sandipepa ya 220 pakati. Vanishi wa mafuta amasandutsa zoyera kukhala zachikasu. Likauma masiku angapo liyeseni: kathumba mukakaika pa bolodi kakhale pomwepo, mukakaponya katsetsereke pang'ono. Kakamatsika kokha, palani mopepuka ndi sandipepa ya 320.

Tsopano cholembapo. Woponya amaima patali, ndipo bolodi lagona chopendekeka pang'ono chabe, choncho amaliona chammbali, zilembo zitafupika. Pakati pakenso timatumba timaphimba. Pa bolodi pakhale logo ndi dzina basi, zazikulu, kunsi kwa bowo. Opanga zikwangwani amawerengera kuti chilembo cha 25 mm chimawerengeka bwino pa mamita atatu, ndiye pa mamita asanu ndi atatu mufuna zilembo za 7 cm kupita m'mwamba, ndipo pa bolodi lopendekeka zikule kuposa apo. Nambala ya foni ndi zimene mumachita zikhale pa chikwangwani choimirira kumbuyo kwa bolodi, chimene maso a woponya ndi kamera ya womujambula sizingachiphonye. Nambala ilembedwe ndi +27, ndipo ngati muli ndi ofesi ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu, ya +265 ikhaleponso, chifukwa zithunzi zimenezi madzulo omwewo zikhala zitafika kumudzi.

Deti la chochitika, mitengo ya katundu ndi dzina la wothandiza wa chaka chino musazimate pa bolodi. Zimenezo zipite pa kachikwangwani kochotseka ka pulasitiki yopepuka yotchedwa Correx. Bolodi lolembedwa mtengo wa chaka chatha limangoyambitsa mkangano. QR code nayo isakhale pa bolodi pamene pakugwa timatumba. Ikhale pafupi ndi mzere wa odikira, yakuda pa zoyera, ya 10 cm ngati anthu aijambule ataima pa mita imodzi, ndipo itsegule WhatsApp ya bungwe, osati tsamba lolemera lodya data. Pa chinenero, mawu amodzi a Chichewa amakoka Mmalawi ali patali kuposa logo iliyonse. Komabe a Malawi a ku Joni ambiri ndi a ku Mangochi ndi Machinga, a ku Mzimba ndi Nkhata Bay, ndiye moni wa Chiyao, Chitumbuka ndi Chitonga pa chikwangwani sawononga kanthu. Zofotokoza ntchito zikhaleponso m'Chingerezi kaamba ka anzathu a kuno.

Nsanja ya matabwa, bawo ndi zina

Nsanja yosolola matabwa, imene ambiri amaidziwa ndi dzina la Jenga, imadutsitsa osewera ochepa koma imasonkhanitsa oonerera ambiri, ndipo ikagwa mfuu yake imamveka bwalo lonse. Dzinalo linachokera ku Chiswahili, kujenga, kutanthauza kumanga, ndipo anayambitsa masewerawa ndi Leslie Scott, amene anawaonetsa koyamba ku London mu 1983. Ndi dzina la malonda la eni ake, choncho pa nsanja yanu musalilembe. Timatabwa timakhala 54, mizere 18 ya titatutitatu, ndipo mulitali wa kathabwa ukhale katatu mulifupi wake. Ndi paini wopala kale wa 44 x 69 mm, kalikonse kadulidwe 207 mm. Thabwa la mamita atatu limatulutsa 14, ndiye matabwa anayi akupatsani 56, awiri apadera. Nsanja imayamba pa 79 cm ndipo yonse imalemera makilogalamu 17 kapena chapompo.

Sankhani matabwa ouma, owongoka, opanda mfundo zotuluka utomoni, chifukwa padzuwa utomoni umasungunuka n'kumata timatabwa. Matabwa obiriwira a denga aja, oviikidwa m'mankhwala a chiswe, asalowe pano, ndipo zidutswa zake musawotchere nyama. Palani bwino n'kuzungulitsa ngodya. Vanishi, penti kapena sitika pa mbali zogonerana zimapha masewera, timatabwa timakakamira ndipo nsanja imagwa pa kusolola kwachiwiri. Logo ipite kumitu kwa timatabwa, powotcha ndi chitsulo, ndi laser kapena ndi chidindo. Chimene chimagwira ntchito kwambiri ndi kulemba ndi cholembera chosafufutika mafunso pa timatabwa 10 kapena 12, kuti wosolola awerenge mokweza: basi yathu imanyamuka masiku ati, ofesi yathu ili msewu uti. Anthu onse ozungulira amamva yankho popanda wina kuwalalikira.

Pa kapinga nsanja siima yokha. Ikani thabwa la 45 x 45 cm pansi, liyezeni ndi levulo, ngakhale ya pa foni. Kathabwa kamodzi kamalemera magalamu 300, kokwanira kutupitsa mutu wa mwana wokwawa, ndiye zungulizani chingwe mamita awiri kuchokera pa nsanja, ndipo ikafika pachifuwa cha munthu wamkulu, gemu ithe. Mwa njira, a bungwe la maliro kapena otumiza ndalama aganize kawiri asanalembe dzina lawo pa chinthu chimene ntchito yake ndi kugwa anthu akuwomba m'manja. A Malawi sachedwa kupeka nthabwala, ndipo nthabwala imakhalitsa kuposa sitika.

Connect Four wamkulu, masewera ogwetsera timbale m'khoma kuti tinayi tindandalike pamzere umodzi, wa mizere 7 choimirira ndi 6 chopingasa ndi timbale 42, amakondedwa ndi ana ndipo logo imakwana pa kambale kalikonse. Koma ndi khoma loimirira, mphepo imaligwetsa, ndipo timbale timasowa. Ndibwino kubwereka kusiyana n'kupanga. Kukokana chingwe ndi kuthamanga m'matumba n'kotsika mtengo koma kumatha m'mphindi zochepa, ndipo anthu amabalalika musanayankhule nawo. Fulaye amafuna bwalo lalikulu ndipo amakokera anthu kutali ndi tebulo lanu.

Bawo ndi nkhani ina. Maenje 32, mizere inayi ya asanu ndi atatu, timiyala 64, ndipo gemu imodzi itha kudya theka la ola. Pa masamu a anthu pa ola, bawo ndi lolephera. Koma onani amene amakhala pamenepo: abambo akuluakulu, amene akhala kuno zaka zambiri, apampando a magulu a kumudzi, amene mawu awo amamveka pa nkhani ya kunyamula maliro kapena kusankha wa thiransipoti. Oonerera amaima mozungulira ola lathunthu akulangiza osafunsidwa. Kwa bungwe la maliro, la chipereganyu kapena la zonyamula katundu, anthu khumi amenewa amaposa ana zana a pa bolodi. Pa bawo penipeni musamatepo masitika, limaoneka lachibwana. Dzina lipite pa ambulera, pa nsalu ya tebulo ndi kumsana kwa mipando. Yalani lona pansi, chifukwa kamwala kogwera mu kapinga wa kikuyu sikapezekanso, ndipo tengani 20 tapadera. Pambali pake ikani bolodi la morabaraba, masewera a kuno a timiyala totchedwa ng'ombe, 12 mbali iliyonse, zotsekera mabotolo zikwanira, kuti anzathu a kuno akhale ndi pokhala.

Pabwalo

Pa mpikisano weniweni mabolodi awiri amatalikirana mamita 8.2 kuchokera kutsogolo kwa lina kufika kutsogolo kwa linzake, ndiye mufuna malo a mamita 13 m'litali ndi atatu m'lifupi. Pa tsiku la mabanja mtunda umenewo ndi wautali, anthu amaphonya n'kugwa ulesi. Gwiritsani bolodi limodzi, mzere wa akuluakulu pa mamita asanu kapena asanu ndi limodzi, wa ana pa atatu. Kumbuyo kwa bolodi kusakhale mbaula ya owotcha nyama, miphika ya amayi kapena galimoto za eni ake.

Dzuwa kuno limadutsa chakumpoto, makamaka m'nyengo yozizira pamene masana a June limangokwera madigiri 40. Ikani bolodi chakumwera, woponya aime chakumpoto, dzuwa likhale kumsana kwake. Potero iye sathobwa, ndipo logo ndi chikwangwani zimawala bwino pa zithunzi. Mukayang'anitsa oponya kumadzulo, pofika 3 koloko aliyense waika dzanja pachipumi. Mzere wa odikira udutse kutsogolo kwa tebulo lanu ndi pamthunzi wa gazebo, osati kuseri.

Nyengo ya Highveld, dera lokwera limene kuli Joni, ili ndi misampha yake. Kuyambira October mpaka March m'mawa kumacha bwino, koma masana mitambo imaunjikana ndipo mvula ya mabingu, nthawi zina ya matalala, imagwa mwadzidzidzi. Masewera akuluakulu achitike isanakwane 2 koloko. Mukaona kung'anima n'kumva bingu asanathe masekondi 30, mphezi ili mkati mwa makilomita 10: imitsani zonse, anthu alowe m'nyumba kapena m'galimoto, osati pansi pa mtengo kapena gazebo, ndipo dikirani mphindi 30 chitatha chibingu chomaliza. Pa 6 July mvula si vuto, koma m'mawa kumakhala chisanu pa udzu, kapinga wauma ndipo fumbi limakhala pa bolodi, ndiye tengani kansalu konyowa kopukutira. August ndi September ndi miyezi ya mphepo, nthawi ya Heritage Day pa 24 September ikuphatikizidwa. Mwendo uliwonse wa gazebo ukhale ndi thumba la mchenga la makilogalamu 15 kapena 20, kapena chigubu cha madzi cha malita 20. Zikhomo musakhome musanafunse, mabwalo ambiri ali ndi mapaipi othirira pansi pa udzu. Musanayale chilichonse yendani pamalopo mukuyang'ana magalasi, minga ya dubbeltjie ndi zitosi za atsekwe, zimene m'mapaki a madamu sizisowa.

Mapaki monga Zoo Lake, Emmarentia, Delta Park, Rhodes Park ku Kensington ndi Pioneer Park ku Wemmer Pan, kufupi ndi Rosettenville, amayang'aniridwa ndi Johannesburg City Parks and Zoo. Banja kukaponya timatumba palibe vuto, koma gazebo ya kampani ndi zikwangwani ndi malonda, ndipo zimafuna kupempha malo ndi chilolezo nthawi ikadalipo. Zochitika zikuluzikulu zimadutsa ku JOC, komiti ya mzinda yoona za chitetezo pa zochitika, motsatira lamulo la chitetezo pa zamasewera ndi zisangalalo la 2010, ndipo imeneyo ndi ntchito ya okonza chochitika. Inu afunseni ngati mapepala alipo, ngati pali kampani ina imene inalipira kuti itsatse yokha, ndiponso ngati akufuna inshulansi yolipira munthu akavulala pa masewera anu. Kumbukirani kuti Tembisa ndi Kempton Park zili mu Ekurhuleni, khonsolo ina.

Anthu atatu

Masewera opanda woyang'anira amasanduka a ana khumi omwewo tsiku lonse, makolo ali kutali. Pamafunika anthu atatu ovala malaya a bungwe. Woyamba amaitana ndi kuwerenga mapointi, akhale wa pakamwa potsekuka koma waulemu: “Amayi, tabwerani mudzayese dzanja, n'zaulere.” “Bambo, timatumba tinayi tokha, mukalowetsa tiwiri mphoto ndi yanu.” Wachiwiri amatola timatumba, kupukuta bolodi ndi kuyang'anira ana. Wachitatu, wodziwa bwino ntchito za bungwe, sakhudza masewera. Iye amayankhula ndi odikira pamzere kapena amene wangolandira mphoto, ndipo amayamba ndi funso, osati ulaliki: “Achimwene, kwanu n'kuti? Katundu wa kumudzi mumatumiza bwanji?” Munthu akuponya musamuyankhulitse. Mwana akabwera yekha, muuzeni kuti mwayi wachiwiri ulipo akabwera ndi amayi kapena abambo ake.

Mphoto zikhale zazing'ono koma zambiri, zoti munthu mmodzi mwa atatu kapena anayi apate kanthu: cholembera, chipewa, ambulera, mayunitsi. Yaikulu ya tsikulo ikhale chitenje cha bungwe cha mamita awiri, chifukwa chimenecho chidzavalidwa ku tchalitchi, ku maliro ndi ku ukwati zaka zingapo, mwina mpaka kumudzi. Ngati mukupereka chakudya, kumbukirani abale athu Achisilamu.

Musalipiritse kuti munthu aponye ndi chiyembekezo chopata mphoto. Kwa a mipingo ndi a mizikiti imeneyo ndi juga, ndipo ku malamulo a kuno mwalowa m'dera lina. Wilo yozungulitsa ndi mayere osankha mayina m'chidebe, zikachitidwa ndi bizinesi pofuna kutsatsa, zimagwa pansi pa gawo 36 la Consumer Protection Act ya 2008: malamulo a mpikisano alembedwe ndipo aliyense athe kuwaona, kulowa kusakhale kolipira, ndipo eni bizinesi ndi antchito awo asapate. Amene amalembetsa anthu inshulansi ya maliro aonetsetse kuti wolembetsayo ndi wololedwa kutero pansi pa FSCA, bungwe loyang'anira ntchito za inshulansi ndi zachuma kuno.

Pa kutenga manambala, lamulo la POPIA, loteteza mbiri ndi zinsinsi za munthu, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021, limafuna kuti munthu adziwe chimene mukutengera nambala yake ndipo avomere kulandira mauthenga otsatsa. Za mwana wosafika zaka 18 avomereze ndi kholo. Kupatula lamulo, pali nzeru yodziwa anthu athu. Ambiri kuno amakayikira fomu iliyonse yofunsa zambiri, ndipo ali ndi zifukwa zawo. Funsani dzina loyamba, nambala, dera limene akukhala ndi bokosi lochonga kuti avomera. Pasipoti, permit ndi adiresi ya kuntchito musazitchule n'komwe, mzere ungathe pomwepo. Kusewera kusadalire kusiya nambala. Aliyense alembe pa kapepala kake kolowa m'bokosi lotseka, osati pa kope limodzi limene wobwera pambuyo amawerenga manambala a atsikana onse. Zithunzi nazonso pemphani kaye. Wina anapempha tchuthi kwa abwana ponena kuti wadwala, wina safuna kuti akumudzi adziwe kumene ali.

Kuti mudziwe ngati ndalama yabwerera, wotola timatumba azilemba kamzere pa pepala pa wosewera aliyense, ndipo wachitatu uja awerenge amene wacheza nawo ndi manambala amene atsala. Perekani mawu achinsinsi a tsikulo, oti wobwera nawo ku ofesi m'mwezi womwewo achotseredwe kangachepe, mudziwe kuti wachokera pa bolodi. Uthenga woyamba upite asanathe masiku awiri, kwa aliyense payekha, m'chinenero chimene munacheza naye, ndipo utchule masewerawo kuti akukumbukireni. Kuponya anthu m'gulu la WhatsApp osawafunsa kumaonetsa manambala awo kwa anthu osawadziwa, ndipo theka limatuluka usiku womwewo.

Pomaliza tsiku werengani katundu dzuwa lisanalowe, mndandanda utamatidwa mkati mwa chivundikiro cha bokosi: timatumba 12, timatabwa 56, timiyala 84, manati awiri pa bolodi lililonse. Mabolodi awiri agonerane nkhope ndi nkhope, bulangete lakale lili pakati, asakwere bhaki chimatsegula pamodzi ndi mbaula ndi mipando yachitsulo. Kunyumba aimikeni chambali pa timatabwa, asakhudze simenti. Timatumba tikakhala tachinyezi, tiyanikeni kaye tsiku lathunthu tisanalowe m'pulasitiki.